Amalume Zuze ndi Zaka Zisanu za Lusiya

Amalume Zuze Mbewe anamwalira mu Disembala, mvula itangoyamba, ndipo tinawaika kwathu kuno kufupi ndi Malowera. Tsiku la maliro panabuka mkangano umene ukanawaseketsa eniake. Mmisiri wokhoma mtanda anafunsa chaka chimene anabadwa kuti alembe pathabwa, ndipo panalibe wochidziwa. Ena anati anabadwa chaka cha dzombe, ena anati ayi, dzombelo linawapeza akuweta kale mbuzi. Tinatsegula chitini chawo cha mapepala n'kupezamo zaka zitatu zosiyana pa mapepala atatu. Munthu amene anagawira zaka ana a mudzi wonse analibe zakezake. Pamtandapo tinangolemba dzina.

Ndikati anagawira ana zaka sindikuphiphiritsa. Amalume anawonjezera zaka za ana ambiri ndi cholembera, ndipo mkulu wanga Lusiya anamuwonjezera zisanu. Zaka zisanuzo zinamutsekera Lusiya khomo la sikola, ndipo amalume anatha moyo wawo wonse wotsala akuyesa kuzichotsa. Ndinkawakonda kwambiri, koma sindibisa, analipo masiku amene ndinkawayang'ana ndikulakalaka nditawagenda.

Anali telala. Akuluakulu kuno ankati alufayati, koma ife amene tinakulira kukampu ya othawa nkhondo ku Zambia tinkangoti telala. Makina awo anali opukusa ndi dzanja, ndipo pothawa anawasenza pamutu mpaka kuwoloka malire, kusiya mbuzi m'khola ndi nkhokwe yodzaza. Amayi, aNambewe, omwe anali mlongo wawo wamng'ono, sanaiwale zimenezi. Akakangana ankawakumbutsa kuti anthu anzeru anathawa ndi ufa, iwo anathawa ndi chitsulo. Amalume ankayankha, singano ili pakamwa, kuti ufa wa anzeruwo unatha asanafike n'kumalire komwe. Akazi awo anafera m'njira paulendo umenewo, ana analibe, ndipo sanakwatirenso. Bambo athu nkhondo inali itawatenga kale. Choncho mbumba yonse ya amalume tinali ife: amayi, Lusiya, ine ndi kamlongo kathu kakhanda.

Kusoka kwawo kunali ndi matenda amodzi. Sankatha kusokera mwana chovala chomukwana. Ankakuyeza bwinobwino ndi fita yawo yachikasu, m'mapewa, m'chiuno, kutalika, akung'ung'udza manambala, kenako n'kudula nsalu ngati akusokera mkulu wako. Makabudula ankapitirira mawondo, madilesi ankasesa bwalo. Ukadandaula ankati iwo sasokera mwana wa lero koma wa chaka chamawa, chifukwa nsalu sikula. Ana a m'chigawo chathu kukampu tinkadziwikira patali, tonse tinkaoneka ngati tabwereka zovala. Mowa sankamwa, koma fodya wa pamphuno sankasiyana naye, ndipo nsalu iliyonse yochoka kwa iwo inkayetsemulitsa. Chipwitikizi anachitola ali mnyamata, akusesa m'sitolo ya mwenye ku Fingowe, ndipo ankachisungira mbuzi ndi nkhuku zikawakwiyitsa.

Kutatsala chaka kuti tibwerere kwathu, kukampu kunagwa njala. Chakudya chimene tinkalandira chinachepetsedwa, ana anayamba kutupa mapazi, ndipo kamlongo kathu kaja kanamwalira kali kumsana kwa amayi pamzere wa ufa. Mwezi womwewo kunabwera kalembera watsopano. Lamulo linali lakuti mwana wosafika zaka khumi ndi zisanu akhale pa khadi la mayi wake n'kulandira muyeso wochepa, koma wofika pamenepo alandire khadi lakelake, muyeso wa munthu wamkulu, bulangete ndi poto. Amalume, pokhala odziwa kulemba, anasankhidwa kulemba mayina a m'chigawo chathu. Anaona msanga kuti akuluakulu a kampu sankayang'ana ana, ankangowerenga mizere ya papepala. Ndiye anayamba kulemba ana monga ankadulira nsalu. Wa zaka khumi ndi zitatu anamupatsa ziwiri, wa khumi ndi ziwiri anamupatsa zitatu. Lusiya anali ndi khumi, koma anali wamtali ngati bango, anamupatsa zisanu. Ine sanandikhudze. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wamfupi, bodza lake silikanayenda.

Ndiyenera kunena chilungamo: zinathandiza. M'nyumba zambiri munalowa ufa wowonjezera, ndipo ana amene tinkaganiza kuti sawona mvula ina anadzuka. Amayi a anawo ankabwera kudzagwada pakhomo pathu, ena ndi dzira, ena ndi kankhuku. Amalume ankayenda atatukumula chifuwa, akumanena kuti cholembera chimalima kuposa khasu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti makadi amenewo adzatitsata kwathu.

Anatitsata. Pobwerera, mtendere utabwera, aliyense anapatsidwa khadi la ulendo lokopedwa kuchokera pa la kukampu, ndipo limenelo ndilo pepala lokhalo limene tinali nalo. Mabuku a ubatizo anapsa pamodzi ndi tchalitchi. Kwathu tinapeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba, minda ili tchire, chitsime chitagumukira. Tinkayenda mopondamo anzathu chifukwa cha mabomba okwirira. Tinkagona m'zisakasa za udzu, tikudya zikhawo ndi mango osapsa, tikudikira kamiyawu, lole ya boma yobweretsa makasu ndi mbewu.

Tili m'mavuto amenewo anabwera akuluakulu a boma kuchokera ku Fingowe, n'kuitanitsa msonkhano pansi pa mtengo. Anafotokoza zimene boma linakonzera ana. Mwana aliyense alembedwa mwaulere n'kupatsidwa sedula, pepala lija la kubadwa. Sikola ya ku Fingowe aikonza, ndipo pambali pake amanga laru, nyumba yogonamo ana ochokera kutali, yokhala ndi chakudya. Malo oyamba apatsidwa kwa ana obwerera amene anayamba kale kuphunzira kukampu, bola asapitirire zaka khumi ndi zinayi, chifukwa mabedi ndi ochepa. Opitirira pamenepo adzawatsegulira maphunziro a ukalipentala ndi kusoka m'tsogolo. Zinali zabwino, ndipo anthu amene ankazinenawo ankaoneka kuti akuzikhulupirira. Lusiya anawomba m'manja mpaka zikhatho zinafiira. Kukampu ankatsogola m'kalasi mwake, ankawerenga chilichonse, ngakhale zolembedwa pamatumba a ufa, ndipo anali atayamba kutolera Chipwitikizi chija amalume ankatukwanira mbuzi.

Tsoka lake, olemba masedula anafika sabata imodzi ndi ogawa makasu, ndipo onse ankayang'ana khadi limodzi lomwelo. Munthu wamkulu aliyense ankalandira khasu, ndowa ndi thumba la mbewu. Dzulo lake la tsikulo amayi ndi amalume anakangana kumunda, ine ndili pomwepo ndikutola zitsotso. Amalume ankafuna kukanena zaka zenizeni za Lusiya. Amayi anati akatero khasu limodzi ndi thumba limodzi zichoka, ndipo iwo aika kale mwana mmodzi chifukwa cha njala, wachiwiri saikanso. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Laruyo ngakhale maziko ake sanakumbe, pomwe mbewu ili pakamiyawu. Amalume anati mwana ngwawo, iwo ndiwo mwinimbumba. Amayi anawafunsa ngati mbumbayo idya makina.

M'mawa mwake amayi anamuveka Lusiya dilesi lina lalikulu losoka amalume omwewo, anamumanga kapulana, chitenje cha amayi akuluakulu, pachifuwa ndi duku kumutu, n'kumuuza kuti asaseke ndipo asayankhule. Pathebulo la olemba, amalume ndiwo ankamasulira. Wolembayo anayang'ana khadi, anayang'ana Lusiya, anakayika, n'kufunsa m'Chipwitikizi ngati mtsikanayu alidi ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Funsolo amalume sanalimasulire. Anayang'ana amayi, anayang'ana mulu wa matumba, kenako anavomera ndi mawu amodzi. Kalimbo, chidindo cha boma, inagunda papepala. Lusiya anatuluka pamzere akumwetulira, sedula m'dzanja limodzi, khasu m'dzanja lina, osadziwa kuti chachitika n'chiyani.

Laruyo inamangidwadi. Amayi analakwa pamenepo, ndipo mpaka imfa yawo sankafuna kuti dzina lake litchulidwe pakhomo. Chaka chotsatira mndandanda wa ana osankhidwa unakhomedwa pa posito, ofesi ya boma ya ku Malowera. Lusiya anauwerenga yekha katatu, kuyambira pamwamba, kenako kuyambira pansi. Munali mayina a ana amene iye ankawaphunzitsa kuwerenga. Lake munalibe, ndipo a ana ena anayi amene amalume anawakalambitsa munalibenso.

Apa ndi pamene panachitika chinthu chimene aliyense wodziwa amalume amachikumbuka. Sanauze munthu. Anatenga ana asanuwo, anamanga chinangwa chouma m'kansalu, n'kuyamba ulendo wapansi wa ku Fingowe kuti akadzinenere okha mlandu. Anayenda masiku awiri, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, akuponda mmene munadutsa matayala a kamiyawu. Zimene ndikulemba apa anandiuza amalume eniake patapita zaka, ndipo Lusiya sanazitsutse.

Ofesi imene anafikamo inalibe denga, pamwamba anangokoka lona. Munali mlembi wachinyamata wochokera ku Tete, wowonda ngati ife tomwe, nsapato zake zomangidwa ndi waya. Amalume anavula chipewa, anaika makadi asanu pathebulo n'kunena zonse, m'Chipwitikizi chawo chothyokathyoka: kuti analemba ndi iwo, kuti ananama, ndipo ngati pali ndende alowe iwo, koma ana alowe sikola. Anatulutsa fita n'kuyamba kuyeza ana pamaso pa mlembiyo, akutchula manambala a m'mapewa. Ataona kuti sizikukwanira, anamugwira Lusiya chibwano n'kumuuza kuti ayasamule. Mumtima mwake munali manyazi, pakhomo panali amuna akusuzumira, koma anayasamula. Kumbuyo kunali dzino la ubwana likugwedera, lisanagwe.

Mlembiyo analiyang'ana dzinolo nthawi yaitali. Kenako anayankhula m'chinenero chathu, chosakaniza ndi Chinyungwe.

"Pai, ndakukhulupirirani. Mwanayu ngwamng'ono, ngakhale wakhungu angaone. Koma dzino sindingalidinde kalimbo."

Anawafotokozera bwinobwino, mosakalipa. Kuti asinthe masedula, ayenera kulemba kwa akuluakulu ake kuti makadi a anthu a kwathu ngabodza. Akalemba zimenezo, makadi onse a m'dera lathu aimitsidwa mpaka afufuzidwe, ndipo kufufuzako sikutha mwezi umodzi kapena iwiri. Chaka choyamba chija mvula inali itadula, anthu sanakolole, ndipo kamiyawu yachiwiri ya mbewu inali yoti inyamuke sabata yotsatira, yowerengeredwa pa makadi omwewo. Ikaimitsidwa, mvula idzagwa pa minda yopanda kanthu. Anatenga pepala loyera, anatsegula cholembera n'kuchigwira m'mwamba.

"Mukati ndilembe, ndilemba. Nenani ndinu."

Amalume ankati sakudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Ankamva ana akupuma kumbuyo kwawo. Ankaona nkhope za anthu a kwathu mmodzimmodzi, ndi mapazi otupa aja a kukampu. Kenako anatambasula dzanja, anasonkhanitsa makadi asanu aja n'kuwabwezera m'thumba la malaya. Anathokoza mlembiyo, anavala chipewa. Lusiya anali atamva zonse, chifukwa zinanenedwa m'chinenero chake.

Pobwerera Lusiya sanalire. Atatuluka m'tauni anachoka m'njira ya matayala n'kuyamba kuyenda m'mbali, mu udzu, mmene munthu aliyense ankadziwa kuti simupondedwa. Amalume anamuitana, sanatembenuke. Anamukalipira, sanatembenuke. Ana enawo anayamba kulira. Mapeto ake munthu wamkulu uja anagwada pakati pa msewu, akuwomba m'manja monga achitira munthu kwa apongozi, akumupempha mwana wa zaka khumi ndi ziwiri kuti abwerere. Lusiya anayenda mu udzumo mtunda ndithu asanabwerere yekha. Mulungu anachita chifundo tsiku limenelo.

Mbewu inabwera, mvula inagwa, mudzi unadya. Musaganize kuti anthu anawathokoza. Nkhani inali itamveka kuti telala anapita kukaulula, ndipo amayi omwe aja ankabweretsa mazira anayamba kuwalavulira akamadutsa. Ankati anatsala pang'ono kupha mudzi chifukwa cha mwana wa mlongo wake. Wina anawathirira mchenga m'makina. Kwa chaka chathunthu palibe anabweretsa nsalu. Kunja ankadedwa chifukwa anapita, kunyumba ankadedwa chifukwa anabwerera chimanjamanja, ndipo Lusiya anasiya kuwayankhula. Akamudutsa ankangopatuka, chakudya ankawaikira pansi n'kuchoka. Amalume anayesa kumuphunzitsa kusoka, anakana kukhudza makinawo.

Maphunziro a achinyamata aja tinawadikira mpaka tinatopa. Anyamata atatu mwa ana asanu aja analowera kumigodi ya golide kufupi ndi Fingowe, kumene safunsa sedula. Mtsikana winayo anabwerera ku Zambia. Lusiya ankalima ndi khasu lake lija.

Patapita chaka kunabwera mwamuna wina wogulitsa zinthu kwa okumba golide, munthu wa njinga yatsopano ndi wailesi, kudzafunsira Lusiya. Amayi anali atayamba kudwala chifuwa ndipo nyumba inali pa njala. Amalume anakana. Ndinali ndisanawaonepo atakwiya chotero. Chipwitikizi chonse cha mbuzi chinathera pa mlendoyo. Anati mwanayu ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anabadwa iwo ali panja pa nyumba akudikira, ndipo malinga iwo ali moyo sapita kulikonse. Mwamunayo sanakangane nawo. Anangopempha kuti aone sedula, anawerengetsa ndi zala n'kunena kuti boma likuti khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo iye satsutsana ndi boma. Ankhoswe a mwamunayo anagwedeza mitu movomereza. Amayi anayang'ana pansi. Amalume anati akatula nkhaniyi ku posito, ndipo ndi pamene Lusiya anatuluka m'nyumba n'kuwayankhula koyamba chichokereni ku Fingowe.

"Mukanena chiyani kumeneko, amalume? Kuti pepala likunama? Munapatsidwa mpata wonena, munabweza makadi m'thumba. Ndine wamkulu. Munalemba nokha."

Anapita sabata yomweyo, atakwera kumbuyo kwa njinga, mapazi ake osafika n'pa zopondera. Ana ake awiri oyamba anamwalira pobadwa, ndipo woyambayo anatsala pang'ono kumutenga. Mwamunayo pambuyo pake anamusiya. Anakhala komweko kumigodi akuphikira okumba, ndipo kwathu ankabwera pa maliro okha. Amalume sanakhalenso munthu yemwe uja. Nthabwala zinatha, ndipo anayamba kusoka zovala zokwana ndendende, zimene ana ankazikula pa miyezi itatu. Anthu anadandaulanso.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti boma linakonza zinthu. Silinachedwe kwambiri, linangochedwera Lusiya. Patapita zaka zochepa anamanga sikola kwathu konkuno, ndipo ine ndinaphunzira mmenemo. Analengeza kuti mwana asabwezedwe chifukwa cha msinkhu, ndiponso kuti wopanda pepala alembedwe pa umboni wa akuluakulu omudziwa. Aliyense anakondwa. Amalume anamva nkhaniyi ali pamakina, anaimitsa dzanja, anafunsa ngati lamulolo likubwerera m'mbuyo, ndipo atauzidwa kuti ayi anapitiriza kusoka.

Kuyambira chaka chimenecho anadzipatsa ntchito imene palibe anawatuma. Januwale aliyense, sabata ya matirikula, pamene makolo amalembetsa ana, ankatseka makina n'kukakhala pa chitsa pansi pa mtengo wa msekese, pafupi ndi khomo la sikola. Mwana aliyense wopanda pepala ankayamba wadzera kwa iwo. Ankafunsa mayi kuti mzamba anali yani, chimanga chinali chitamasula kapena ayi, anabadwa mlatho usanakonzedwe kapena utakonzedwa, wamkulu ndani pakati pa iye ndi mwana wa uje. Ankayang'ana mano. Akakhutira ankalowa naye kukaikira umboni, ndipo apulofesolo, aphunzitsi a pasikolapo, anafika pomakhulupirira mawu awo kuposa mapepala. Koma anali ouma ngati chikumba. Makolo ena ankafuna kuchotsera mwana chaka, ena kuwonjezera kuti alowe msanga, iwo ankakana ngakhale mwezi umodzi. Mayi wina anawakumbutsa pagulu kuti iwo ndiwo anali mfumu ya bodza limeneli. Anavomera, n'kumuuza kuti n'chifukwa chake akudziwa mtengo wake, ndipo akafuna akafunse Lusiya.

Za Lusiyayo sanazisiye. Anafufuza mpaka anamva kuti sedula ikhoza kukonzedwa ngati mwini wake abwera ndi mboni ziwiri zazikulu kwa iye, zimene zinalipo pamene ankabadwa. Mboni zinalipo ziwiri zokha, iwo ndi amayi, popeza mzamba ndi ena onse anatsala m'nkhondo. Anatumiza uthenga kumigodi kudzera kwa anthu a njinga, yankho silinabwere. Chaka chotsatira anatumizanso. Amayi anamwalira, mboni inatsala imodzi. Anayenda maulendo ku posito mpaka mkulu wa kumeneko, mwina chifukwa cha chisoni kapena kutopa nawo, anavomera kuti kwa iwo umboni umodzi ukwanira, bola mwini wake abwere yekha. Pa maliro ena a m'mudzi anamutsatira Lusiya kuseri kwa nyumba kuti amuuze, iye ananyamula ndowa n'kupita kumadzi.

Tsiku lina ndinawafunsa mwaukali kuti akuvutikiranji. Munthuyo ndi mayi tsopano, laru sangalowenso, madzi akatayika saoleka. Anandiyankha kuti akudziwa. Anati zaka zimene anamuwonjezera kutsogolo anachita kumudula kumbuyo, ndipo chinthu chakuba chimabwezedwa ngakhale mwini wake atasiya kuchifuna. Anati safuna kuti mwanayo adzafe ndi bodza lawo pamtanda. Sindinawafunsenso.

Mu Novembala chaka chathachi munthu wa njinga anaima pakhomo pawo ndi uthenga. Lusiya anati abwera mu Januwale kudzalembetsa mwana wake wamkazi, yekhayo amene anakhala moyo, kuti azikhala ndi ine n'kumaphunzira kuno, ndipo akabwera aonenso za pepala lija. Mawu ake anali omwewo basi. Amalume anamubwerezetsa wanjingayo katatu. Anachapitsa jekete, anakauza mkulu wa ku posito, ndipo tsiku lililonse ankandibwerezera zimene akanene: kuti anabadwa mapira atayamba kufiira, chaka chimene asilikali anawotcha sitolo ya pamphambano, m'mawa nkhuku zitatsika kale, ndipo iwo ndiwo anapita kukatema nsungwi yodulira mchombo. Ndinawauza kuti ndaziloweza. Anati kuloweza kwanga n'kopanda ntchito, wamng'ono saikira umboni kubadwa kwa mkulu wake.

Chifuwa chinawagwira kumayambiriro a Disembala, atanyowa ndi mvula pochokera kumunda. Anadwala masiku asanu ndi anayi. Ankafunsa tsiku lililonse kuti kwatsala masiku angati kuti matirikula ayambe, ndipo ine ndinkawachepetsera. Anazindikira, n'kundiuza kuti m'banja mwathu bodza la manambala lakwana. Uthenga wa maliro unamupeza Lusiya mochedwa chifukwa mitsinje inali itadzaza.

Anabwerabe mu Januwale monga ananenera, atagwira mwana wake padzanja. Ndinawaperekeza kusikola. Mlembi anafunsa dzina la mwana ndi zaka zake, Lusiya anayankha mosazengereza, mpaka tsiku ndi mwezi. Kenako anafunsa chaka chimene mayi anabadwa. Lusiya anatembenuka n'kuyang'ana panja, kumtengo kuja. Mlembiyo anali watsopano, sankadziwa kanthu, anangogogoda thebulo ndi cholembera chifukwa mzere unali wautali. Mkulu wanga anamasula mfundo ya kapulana, anatulutsa sedula yakale ija yothothoka m'mbali n'kuipereka, ndipo mlembi anakopera chaka chimene chinalembedwapo. Padziko pano palibenso munthu amene angalumbire kuti si chimenecho.

Titatuluka anakaima pansi pa msekese. Chitsa chija chilipo, chosalala pamwamba chifukwa chokhalidwa, ndipo chiswe chayamba kuchikwera mbali imodzi. Patsogolo pake pali kadothi kolimba kumene ana ankaima akamayasamula, udzu sunamerepo ngakhale mvula yagwa yambiri. Mzere wa makolo sunkalunjika pakhomo la sikola. Unkakhotabe kudzera pamtengopo monga zaka zonse, anthu akufika pachitsa, akuima pang'ono, kenako n'kupitirira. Palibe amene anakhalapo, ngakhale amayi oyembekezera amene anali ataima kuyambira m'mawa. Lusiya anafunsa ngati mpamenepa, ndinati inde. Anaima pakadothi kolimba paja, moyang'anana ndi chitsa, manja ali kumbuyo, mpaka mzere wonse unatha.